Tsidya Lina: zolemba za gemu ya 1991 yomwe sinapangidwepo

Sabata yoyamba ya Okutobala

Ndayamba kulemba pano kuti ndisamaiwale zomwe ndasankha komanso chifukwa chake. Ntchito yake ndi iyi: ndikujambula gemu yomwe sinakhaleko ya Game Boy, kamakina ka mu 1989 kosewerera magemu m'manja, ngati kuti inatuluka mu 1991 ndipo anaipanga ndi anthu oti anakulira kuno kuchigwa. Pulogalamu sindikulemba ayi. Ndikujambula mmene sikirini ikanaonekera, anthu ndi nyama za m'gemumo, chikuto cha bokosi lake, ndi kabuku ka malangizo kaja kankabwera m'kati mwa katoni. Dzina lake ndi Tsidya Lina. Wosewera ndi mnyamata wopalasa bwato, amene amawolotsa anthu, mbuzi, njinga ndi matumba a mapira pa Shire, kuchoka ku Bangula kupita mbali ya ku Makhanga, monga momwe anthu akhala akuwolokera pa Mtayamoyo chikokolokereni njira ija mu 1997.

Ife tinakula ndi Terminator, kamakina kakuda kaja ka makaseti achikasu olembedwa kuti muli magemu 9999999, pamene m'kati munali ochepa obwerezabwereza. Patsika la Nchalo panali chipinda china chomwe tinkathinana ana ambirimbiri, thukuta kamukamu, kudikira kuti padi ifike kwa iwe. Tinkawombera abakha, tinkayendetsa akasinja, tinkalumpha mapaipi ndi Mario. Ndinazikonda zonsezo ndipo mpaka pano ndimazikonda. Koma mlambe, bwato kapena mvuu ya ngati ya kwathu kuno sindinaziwonemo ndi tsiku limodzi lomwe.

Ndasankha Game Boy, osati Famicom yomwe Terminator inkatsanzira, pa chifukwa chimodzi: ili ndi mitundu inayi yokha, kuchokera koyera kufika kodera, ndipo mitundu inayi ndingathe kuitulutsa ndi pensulo ndi cholembera. Pepala losakhudzidwa ndi mtundu woyamba, pensulo yongokhudza pang'ono wachiwiri, pensulo yosindikiza wachitatu, cholembera chakuda wachinayi. Kope ndi la masamu lija la timabokosi, kabokosi kamodzi pixel imodzi, kutanthauza kadontho kamodzi ka pa sikirini. Malamulo a makinawo ndawalemba pachikuto ndipo sindiwaphwanya: sikirini ndi timadontho 160 chopingasa, 144 chotsika, chithunzi chakumbuyo chimamangidwa ndi tizidutswa totchedwa ma tile, ta timadontho 8 kwa 8, ndiye kuti sikirini yonse ndi ma tile 20 kwa 18, zinthu zoyenda, zomwe amati ma sprite, sizipitirira 40, ndipo iliyonse imangotenga mitundu itatu chifukwa wachinayi umakhala woonekera mkati.

Lachinayi

Bwato loyamba latha, timadontho 32 m'litali. Ndinapita nalo kwa agogo aamuna, omwe apha nsomba m'dambo la Elephant Marsh kuyambira ndisanabadwe. Analigwira kopelo patali ndi maso, nkukhala chete kanthawi.

“Ameneyu ndani wakhala pakatiyu?”

“Ndi wopalasa, agogo.”

“Iwe, wopalasa amakhala pakati? Bwato limeneli lizingozungulira pamodzimodzi mpaka dzuwa kulowa. M'bweze kumbuyo. Ndipo mayi uyu wamukhazika pamwamba ngati ali pampando wa m'tchalitchi. Wokwera bwato amakhala pansi penipeni, mawondo m'mwamba, manja atagwira m'mbali.”

Ndafufuta zonse. Mnyamata wapita kumbuyo, mayi watsika ndi timadontho titatu moti akungooneka kuyambira pachifuwa, ndipo njinga ndaigoneka chopingasa, gudumu limodzi likulendewera pamadzi. Chithunzicho changosintha nthawi yomweyo. Poyamba chinali bwato la paliponse. Tsopano ndi bwato loti ndinakwerapo.

Sabata yachiwiri

Masiku atatu athera pa mvuu, ndipo apa mpamene ndaphunzira kwambiri chiyambireni.

Game Boy ili ndi lamulo lina lovuta kuposa la ma sprite 40 lija: pamzere umodzi wopingasa sipangaoneke ma sprite opitirira 10. Wa nambala 11 makinawo samujambula n'komwe. Ndi chifukwa chake m'magemu akale zinthu zinkaphethira zikachulukana pamodzi; opanga ankazisinthanitsa mwachangu kuti chilichonse chioneke ngakhale mwa apo ndi apo. Pa Famicom malire ake anali 8, ndipo amene anasewerapo Terminator akukumbukira adani akuthwanima akaunjikana.

Tiwerengere limodzi. Sprite iliyonse ndi timadontho 8 chopingasa. Bwato langa la 32 ladya ma sprite anayi. Ng'ona yomwe ndinajambula, ya 32 nayonso, yadya anayi ena. Mvuu ndinaipanga yathunthu, thupi lonse poyera, timadontho 24, ndiye atatu. Zonse pamodzi 11. Zikakumana pamzere umodzi, mchira wa ng'ona kapena mphuno ya bwato isowa.

Ndinayesa kufupikitsa bwato, koma njinga sinakwanemo. Ndinayesa kudula ng'ona, ikuoneka ngati buluzi. Usiku wachiwiri ndinabwereranso kwa agogo, osati kukafunsa za gemu, kungokacheza, koma kope linali m'thumba ndipo anafuna kuona. Ataona mvuuyo anapukusa mutu.

“Unaionapo kuti mvuu yonse chonchi masana pamadzi? Mvuu yathunthu umaiona usiku ikatuluka kukadya msipu kapena kukaononga m'dimba. Pamadzi umangoona makutu, maso ndi mphuno. Zikamira, ndiye uyambe kuopa.”

Makutu, maso, mphuno. Zimenezi zikukwana m'timadontho 16, ma sprite awiri. Ng'ona nayo ndi chimodzimodzi: maso, nsonga ya mphuno, ndi timinga tiwiri titatu ta pamsana, zina zonse zili pansi pa madzi. Yatsika kufika pa atatu. Bwato anayi, mvuu awiri, ng'ona atatu, zonse 9, ndipo patsala malo a nkhwazi imodzi yodutsa.

Chomwe chandigwira mtima n'chakuti mvuu yatsopanoyi ndi yoopsa kuposa yoyamba ija. Yoyamba inali ya m'buku la kusukulu. Iyi ndi timadontho tochepa chabe, makutu akugwedezeka pakati pa zithunzi ziwiri, kenako n'kuzimiririka, pamalopo n'kutsala kabwalo ka madzi. Wosewera sakudziwa komwe itulukire. Makina a 1989 ndi msodzi wa m'dambo anena chinthu chimodzi, ine ndi amene ndinali ndisanayang'anitsitse.

Game Boy ili ndi mabatani A ndi B, ndipo pomwepo batani B lapeza ntchito. A ndi wopalasira. B ndi wogogoda m'mbali mwa bwato ndi nkhafi, kuti mvuu yomwe yamira idzutse mutu uione pomwe ili. Agogo akuti akamadutsa malo omwe akudziwa kuti pali mvuu sapita mwakachetechete ngati mbala, amagogoda, chifukwa mvuu yodzidzimuka ndi imene imagubuduza bwato, makamaka ikakhala ndi mwana. Mfuti m'gemuyi mulibe. Mvuu siphedwa, imalambalalidwa.

Sabata yachitatu

Madzi. Shire ndi wofiirira, nthawi ya mvula amachita kukhala ngati phala la mapira, koma sikirini ya Game Boy yoyamba ija ndi yobiriwira monkera ku chikasu. Mtundu weniweni sindingaupeze, ndiye ndikufunafuna kayendedwe kake.

Ndajambula ma tile a madzi asanu ndi limodzi. Akuya ndi mtundu wachitatu wokhawokha, ndi timizere tiwiri tachiwiri toyenda pang'onopang'ono. Osaya, pamwamba pa mchenga, ndi timadontho tosakaniza mtundu woyamba ndi wachiwiri ngati bolodi la drafuti, ndi timafunde tating'onoting'ono tothamanga. Pomwe Ruo akuthira mu Shire ku Chiromo ndaika tile yozungulira, yosintha kanayi. Cholinga n'chakuti wosewera aphunzire kuwerenga madzi ndi maso, popanda chikwangwani chomuuza kuti apa n'pakuya. Akalakwitsa, bwato litsakamira pamchenga, atsike akankhe, nthawi ikupita, mayi wa tomato akudandaula kuti msika utha.

Namasupuni ndamuika m'chithunzi chakumbuyo kuti asadye ma sprite. Tile imodzi ndikuigwiritsa ntchito kawiri: pamadzi ndi namasupuni, kumtunda ndi chitsamba. Nzeru imeneyi si yanga. Mu Super Mario Bros. ya 1985 mitambo ndi zitsamba ndi chithunzi chimodzi, anangosintha mtundu. Chithunzi chakumbuyo cha Game Boy chimasankha pa ma tile 256 nthawi imodzi, ndipo zilembo ndi manambala zimadyako, choncho tile iliyonse iyenera kugwira ntchito.

Bango ndi gumbwa zayenda bwino. Mgwalangwa wandivuta: thunthu lake limatupa chapakati, ndipo m'timadontho 8 kutupako kumaoneka ngati botolo. Ndausiya kaye.

Loweruka

Kutentha kwafika poti foni ikukana kutchaja masana. Kuno mwezi uno kudutsa madigiri 40 si nkhani. Ndikumajambula m'kope masana pansi pa mtengo wa msawu ndikamapuma pa ntchito yanga yolemba zikwangwani, n'kumasamutsira mu foni usiku, pixel imodziimodzi, kukayamba kuzizira.

Pamasamba akumapeto ndalembapo malingaliro ena awiri kuti asandisokoneze. Loyamba: mwana ali pansanja m'munda wa mapira, akuingitsa mpheta ndi legeni ndi zitini zomangirira pachingwe, mpheta zimabwera mazanamazana, ndiye lamulo la ma sprite 10 likana, pokhapokha gulu lonse nditalijambula ngati mtambo umodzi wakumbuyo. Lachiwiri: wakabaza akutsika mapiri a Thabwa ndi katundu, mabuleki akutentha, mpaka pa mlatho wa Kamuzu ku Chikwawa. Limeneli likufuna makina ena a magemu otchedwa Mega Drive, chifukwa kutsika kumene kuja, chigwa chonse chikutambasuka pansi, minda ya nzimbe ikubiriwira chapatali, kumafuna mitundu 64 ya makinawo. Zonse ziwiri zidikire.

Sabata yachinayi

Zilembo zanditengera nthawi yoposa yomwe ndinkaganiza. Chilembo chilichonse ndi tile imodzi, ndiye mzere umodzi umakwana zilembo 20, ndipo ukachotsa mpanda wa bokosi la mawu mbali zonse ziwiri zimatsala 18. Chichewa chimamanga nkhani yonse m'mawu amodzi. “Ndiwolotseniko” yekha wadya 14. “Tikawoloke tsidya lina” ndi 22, sakukwana. Ndakana kudula mawu pakati, ndipo ndakana kuthawira ku Chingerezi. M'malo mwake ndikumvetsera mmene anthu amayankhulira padoko. Sayankhula ziganizo zazitali. “Tiyeni.” “Khalani pansi.” “Mbuziyo igwireni.” “Zingati?” Mawu a padoko anafupika kale okha, mphepo ndi phokoso la madzi zinawasema.

Ndajambula tile imodzi yophatikiza g ndi kachizindikiro kake, kuti ng'ona ndi ng'ombe zisataye malo. Ndajambulanso ŵ, kadenga kake m'timizere tiwiri tapamwamba, chilembocho m'tisanu tapansi pake. Sindinaonepo chilembo chimenechi m'gemu iliyonse, ndipo chitaoneka pa sikirini ya foni ndinakhala ndikuchiyang'ana nthawi yaitali.

Okwera ena ayankhula Chisena, chifukwa padoko la Bangula ndi mmene zilili. Gogo wina akatsika aziti “Takhuta.” Mlamu wanga wa ku Nsanje walonjeza kundikonzera mawu ena onse kuti ndisalembe Chisena chokhota.

Sabata yoyamba ya Novembala

Gawo ili ndalilemba kawiri ndi kufufuta.

M'mapulani oyamba gawo lomaliza linali la madzi osefukira. M'magemu akale gawo lomaliza limakhala lovuta kuposa onse, ndipo kwa munthu wa kuno chovuta kuposa zonse chimadziwika. Ndinajambula kale madenga akungooneka nsonga, anthu ali m'mitengo, nambala pakona ya sikirini ikuwerenga omwe wapulumutsa. Mwaluso chinali chithunzi chabwino kuposa zonse zomwe ndapanga.

Ndinakaonetsa achemwali anga. Iwo mu Januwale 2015 anali ku Makhanga pomwe Ruo anasiya njira yake n'kudutsa m'midzi, ndipo mu Malichi 2023, nthawi ya Freddy, anagonanso m'kalasi ndi ana kwa masabata. Anayang'ana, n'kuloza nambala ya pakona ija.

“Nanga amene sunawafikire, achimwene, akuwerengedwa pati?”

Ndinalibe yankho. Mu gemu ukalephera umadina Start n'kuyambiranso, anthu aja n'kubwereranso m'mitengo ngati palibe chachitika. Iwo amadziwa mayina a anthu omwe sanabwerere. Sanandiuze kuti ndichotse. Anangondibwezera kope n'kupitiriza kusankha nyemba.

Gawolo ndalichotsa. Sindikunena kuti nkhani ya madzi osefukira singalowe m'gemu. Mwina wina wodziwa kuposa ine adzaipeza njira yake. Koma ya kuwerenga anthu ngati mapointi si njira yake. M'malo mwake gawo lomaliza lichitika madzi ataphwera: mnyamata akuwolotsa malata, mbewu ya chimanga ndi mbatata zokabzala m'dimba pachinyontho, mabuku a sukulu, ndi gogo yemwe akubwerera kukaona pomwe panali nyumba yake. Kuvuta kwake n'kwakuti mtsinje wasintha. Pomwe panali pakuya m'gawo loyamba pali mchenga, pomwe panali doko pali bango. Zonse zomwe wosewera analoweza sizikugwiranso ntchito, ayenera kuwerenganso madzi. Mapu ndi omwewo, ma tile ndi omwewo, ndangowasuntha.

Nkhani yomweyi yasinthanso mawu a pomwe walephera. Ndinali nditalemba BWATO LAMIRA. Tsopano bwato silimira. Likagundidwa katatu limayamba kulowa madzi, mnyamata amakapa ndi chigubu chodula, ndipo sikirini imati BWERERANI KUGOMBE. Zilembo 17, zakwana.

Mnzanga wina anati ndiikemo kachisi wa Mbona ku Khulubvi ngati malo obisika opezako mphamvu. Ndakana. Kumeneko kuli eni ake ndi miyambo yake, ndipo si malo oti munthu azilowamo podina batani. Nkhalango yake ingooneka patali m'chithunzi chimodzi, yakuda, yopanda njira yolowera.

Lachitatu

Chikuto. Apa malamulo a ma pixel sagwira, chifukwa mabokosi akale ankajambulidwa ndi manja, ndi utoto wonse, ndipo chithunzi cha pabokosi ndi chimene chinkauza mwana kuti timadontho tija ndi chiyani. Ndagwiritsa ntchito penti yemweyo ndimalembera zikwangwani za magolosale, pa kabolodi koyera. Bwato likubwera molunjika kwa woonera, mnyamata waweramira nkhafi, mbuzi yaimika makutu, kumanzere makutu awiri a mvuu, kumbuyo dzuwa lofiira la Okutobala ndi migwalangwa itatu. Pa penti mgwalangwa watheka bwinobwino, kutupa kwake ndi zipatso zake zomwe.

Kosindikiza kwina komwe ndinapita ndi zithunzi za sikirini, zobiriwira zinatuluka zabuluu, ndipo mtundu wachiwiri ndi wachitatu zinaphatikizana, madzi osaya ndi akuya osasiyananso. Mapepala asanu ndi atatu apita. Ulendo wina ndidzayamba ndi pepala limodzi loyesera lokhala ndi mabokosi anayi a mitundu basi.

Nditaika chikuto pa status ya WhatsApp, anthu atatu anafunsa kuti kasetiyo ikupezeka kuti. Mmodzi anachita kunena kuti akuikumbukira, anaiseweratu ali mwana ku Ngabu. Zinandisangalatsa, koma sindikufuna kunamiza munthu. Pansi pa chithunzi chilichonse tsopano ndikulemba kuti gemuyi sinapangidwepo, ndi chojambula chabe. Chizindikiro cha Nintendo, kampani yopanga Game Boy, sindinachiikepo; pamalo pake pali ka nkhafi.

Sabata yachitatu ya Novembala

Mwana wa achemwali, wa Sitandade 4, wakhala akusewera gemuyi papepala. Amaika chala pabwato n'kumachiyendetsa, ine n'kumasuntha kapepala ka mvuu. Dzulo anaima pakati pa mtsinje n'kugogoda patebulo kawiri.

“Amalume, itulutsenitu, ndagogoda.”

Sindinamuuzepo za batani B. Anangomva agogo akufotokoza tsiku lija. Wapezanso cholakwa chomwe ine sindinachione: mbuzi yanga ikumaima bata bwato likagwedezeka. Akuti mbuzi imalira n'kufuna kudumpha, ndipo wina ayenera kuigwira miyendo. Ndawonjezera zithunzi ziwiri, ndi lamulo lakuti ukapalasa mothamanga uli ndi mbuzi, idumphira m'madzi.

Pomwe ntchito yafika: zithunzi za sikirini zisanu ndi ziwiri mwa khumi ndi ziwiri zatha, ma tile 141 ajambulidwa, zilembo zonse zatha, chikuto chatha, kabuku ka malangizo kali pa tsamba lachinayi. Nyimbo palibe. Game Boy ili ndi mawu anayi okha, awiri a mluzu wowuma, amodzi oti umawaumba wekha, ndi amodzi a phokoso, ndipo ndikufuna kumva ngati valimba, choimbira cha timitengo togogoda, ingakwanemo. Pali mkulu wina ku Tengani amene amaimba, ndipo mlamu akuti tikhoza kukamupempha kuti timujambule mawu, tikamufotokozera bwinobwino ntchito yake.

Msuweni wanga ali ndi laputopu ndipo akuti pali pulogalamu yaulere ya GB Studio yomwe imasandutsa zithunzi ngati izi kukhala gemu yoseweredwa. Ndamuuza kuti tidikire ndimalize zisanu zatsalazi. Mvula yoyamba yagwa usiku wathawu, denga ladontha pakona pomwe ndimasunga makope, ndipo tsamba la mgwalangwa lanyowa. Enawo ndawakulunga m'jumbo ndi kuwapachika kumtanda. Mawa ndiyambiranso mgwalangwa, ulendo uno m'timadontho 16.